Gunther, Mwini Makapu

Pa nkhani ya antchito osayamikiridwa, tamukumbukireni Gunther wa m'sewero la pa TV la Friends. Kuyambira 1994 mpaka 2004, mkuluyu anangoima kuseri kwa kauntala ya malo omwera khofi a Central Perk, kupukuta makapu, achinyamata asanu ndi mmodzi a m'seweroli ali phee pa sofa, kudandaula za zibwenzi dzuwa lili paliwombo ngati alibe mabwana.

James Michael Tyler, yemwe ankasewera ngati Gunther, anapeza malowo chifukwa ankadziwa kugwiritsa ntchito makina opangira khofi. Chaka choyamba chonse sanatsegule pakamwa. Olemba atamukumbukira m'chaka chachiwiri, anamugawira liwu limodzi lokha, lovomera basi.

Pambuyo pake ntchito ya Gunther inali kukonda Rachel, mmodzi mwa achinyamata aja, chamumtima. Komatu munthuyu anali ndi mbiri! Ankalankhula Chidatchi. Tsiku lina anaulula kuti kale ankasewera m'sewero lina la pa TV la All My Children, mpaka olemba a kumeneko anamukwirira m'chipale chofewa. Apa panali pofunika kukhala pansi n'kumufunsa bwinobwino, koma kamera inathamangira kwa Joey, mnzake wa Rachel, ndi mavuto ake. Ngakhale Marcel, pusi wa mnzawo Ross, anapatsidwa nkhani yakeyake, mpaka ulendo wa pandege ndi misozi yotsanzikana.

Kumapeto, osewera asanu ndi mmodziwo ankalandira madola 1 miliyoni aliyense pa gawo limodzi. Gunther anadikira gawo lomaliza kuti auze Rachel zakukhosi, nakanidwa mwaulemu. Dzina la bambo ake, olemba sanavutike n'kulipeka komwe.