Mbuzi za Agogo Zaswana Popanda Tonde

Ndi masana a mu Okutobala ku Chitala, dzuwa likuswa mtengo. Agogo aamuna akhala pa mkeka pansi pa mango, akuswa mtedza m'lichero. Mdzukulu wawo wamkazi, amene akuphunzira udokotala ku Blantyre, wangotsika minibasi pa msewu wa ku Nkhotakota, chikwama kumsana.

Agogo: Eee, mkazi wanga wamng'ono wafika! Takulandirani nonse awiri. Koma bwanji sunanene kuti ubwera ndi mnzako? Nkhuku tapha imodzi yokha.

Mdzukulu: Ndabwera ndekha, agogo.

Agogo: Nanga uyo ali pambali pakoyo? Siketi ngati yako, chikwama ngati chako, mpaka kayendedwe kamatama ka ku Blantyre komweko.

Mdzukulu: Agogo, musandiseke. Mukuona anthu awiri?

Agogo: Tayandikira. Ehe, wathawa mnzako uja. Amatero onse, akafika pafupi amasanduka mmodzi.

Mdzukulu: Zimenezi zayamba liti?

Agogo: Sabata yachitatu ino. Ndinadzuka m'mawa, kutsegula khola, mbuzi zanga 4 zija zili 8. Popanda tonde, popanda bere. Ndinangoti Mulungu sapatsa pamanja. Zikapita kudambo uko zimaswana, zikabwera kudzadya madeya pano zimabwerera pa 4. Ndipo ndaona kuti zimachulukana bwino zikakhala kumanzere kwangaku.

Mdzukulu: Nanga ndalama?

Agogo: Pamenepo ndiye pondiwawa. K5,000 ndikaiyang'ana m'manja imangokhala imodzi. Ndinaipachika pa mtengo apo, ine n'kuima pakhonde, zinakhaladi ziwiri. Kupita kukatenga, ina mbala yaba kale.

Mdzukulu: Tatsekani diso limodzi ndi chikhatho. Lililonse. Tsopano werengani mbuzi zili pa chulu apo.

Agogo: Imodzi, ziwiri, zitatu... Iwe mwana, wandibera mbuzi 4 ndi dzanja langa lomwe! Sukulu imene ukuphunzirayo ndi ya udokotala kapena ya zitsamba?

Mdzukulu: Tsegulani. Mutu usayende, maso okha atsatire chala changachi. Kumanja... bwino. Kumanzere... basi, ndaona. Diso lanu lakumanzere likufika pakati n'kuima, silikupita kukona. Maso anuwo paokhapaokha akuona bwino, agogo. Vuto ndi zingwe zimene zimawakoka.

Agogo: M'mutu mwanga muli zingwe?

Mdzukulu: Minofu. Diso lililonse lili ndi minofu 6 yoliyendetsa. Minofu 4 imakoka molunjika: m'mwamba, pansi, cha kumphuno ndi cha kukhutu. Iwiri inayo imakoka mopingasa, ndiyo imapotoza diso pang'ono mukapendeketsa mutu. Umodzi mwa iwiriyo ndi wodabwitsa, umadutsa pa kamphete kali cha kumtunda pafupi ndi mphuno, n'kukhota, ngati chingwe cha ndowa pa chigudumu cha pachitsime.

Agogo: Ndiye kuti Mulungu anayamba kale za zigudumu, azungu anangokopera.

Mdzukulu: Pali winanso wa nambala 7, koma umenewo ntchito yake ndi kutukula chikope basi.

Agogo: Umenewo ndikuudziwa. Umafooka Lamulungu lililonse abusa akafika pa mfundo yachitatu.

Mdzukulu: Tsono maso awiriwa amayenera kuloza chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti ubongo ulandire zithunzi ziwiri zogwirizana n'kuzilumikiza. Diso limodzi likatsalira, ubongo...

Agogo: Khala chete, usandiphunzitse ngolo. Ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ina ikaumira mwendo, ngolo imalowa m'munda mwa eni. Ndayendetsa ngolo ya thonje iwe amako asanabadwe. Funso langa ndi lakuti, ng'ombe yangayi yaumira mwendo chifukwa chiyani? Ndani waiponda?

Mdzukulu: Palibe waiponda. Ndikuganiza kuti ng'ombeyo ili bwino, koma woikuwira ndiye wasasa mawu. Minofu ija imalamulidwa ndi mitsempha yochokera ku ubongo. Mbali iliyonse ya mutu ili ndi mitsempha yotere 12, ndipo yoyendetsa diso ndi itatu: wa nambala 3, wa nambala 4 ndi wa nambala 6. Wa nambala 6 uli ndi ntchito imodzi yokha, kukokera diso cha kukhutu. Ndi umene ukuoneka kuti wagona mwa inu.

Agogo: 3, 4, 6. Nanga wa nambala 5 anapita ku Joni?

Mdzukulu: Alipo. Ndi amene mukutafunira mtedza umene agogo aakazi anati ndi wambewu.

Agogo: Ndikuyesa ngati uli ndi mphamvu. Pitiriza.

Mdzukulu: Kwa anthu a msinkhu wanu, kawirikawiri chimagoneka mtsemphawu ndi shuga kapena BP. Timitsempha tamagazi timene timaudyetsa timatsekeka. BP munayezetsa liti?

Agogo: Chaka chimene anabwera kudzatimwetsa mapiritsi a maso, atatenga ndodo yoyezera msinkhu ngati akugula matabwa.

Mdzukulu: Amene aja anali a trachoma, matenda opinda nsidze kuti zizikanda diso, ndipo sankayeza BP. Matendawo bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi wawagonjetsa. Nanga mu tiyi mumathira masipuni angati?

Agogo: Awiri.

Mdzukulu: Awiri?

Agogo: Mwa kuona kwanga kwa masiku ano ndi 8, ndiye gawa wekha.

Mdzukulu: Agogo! Mverani, kafukufuku anaonetsa kuti ngati chifukwa chake ndi shuga kapena BP, ambiri diso limabwerera m'malo mwake pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono. Koma pamafunika dokotala atsimikize kuti kumbuyoku kulibe china. Ndipo chikope chikagwa chokha, kapena mutu ukawawa kwambiri mwadzidzidzi, pamenepo sitidikira kuti kuche.

Agogo: Wati kafukufuku? Mawu amenewo usawatchule ngati unabwera nawo m'chikwama. Ine ndagwira ntchito pa siteshoni ya zaulimi pa Chitala pompano, tikukhoma zikhomo, kukoka zingwe, kupachika timapepala pa mzere uliwonse. Mzere uwu feteleza, mzere uwu ayi. Mtedza wina mpaka anautcha dzina la Chitala. Kafukufuku ndi kudekha, mwana iwe, kuona maso a nkhono. Tsono anzakowo maso a anthu amawadzala pa mizere iti?

Mdzukulu: Wina anadzala pa mapu a Africa yense, ndipo anadutsa m'dziko lathu lino. Koma muyambe mwagwira apa, pamwamba pa diso, mutsike m'mbali, mpaka pansi. Mukumva fupa kuzungulira?

Agogo: Ndikumva. Chisa cha diso.

Mdzukulu: Dzina labwino kuposa la m'buku. Chisa chimenecho chinamangidwa ndi mafupa 7, chotambalala kutsogolo, chosongoka kumbuyo ngati fanulo yothirira parafini. M'menemo muli diso, minofu ija, mitsempha ndi mafuta, modzaza thothotho. Khomo ndi limodzi, lakutsogolo. Ndiye china chikatupa kumbuyo, diso lilibe kothawira koma kutuluka panja. Zimachitika kwa ena odwala chithokomiro, minofu ija imatupa, maso n'kutong'oka.

Agogo: Ndinkayesa ndi ukali chabe. Koma ukunenazi zandikumbutsa. Tili anyamata kunali ana, makamaka cha kunyanja uku, nsagwada imatupa ngati wabisa dzungu m'kamwa, mano kugwedera, diso kutuluka. Sabata zochepa maliro. Tinkati alodzedwa, ndipo nkhalamba zina zinathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha ana amenewo.

Mdzukulu: Ndi amene ndimafuna kunenawo. Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Anaona ana otere, ndipo mu 1958 analemba kuti ndi khansa ya mtundu wakewake. Koma anadabwa kuti madera ena ilipo yambiri, ena kulibe. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anakwera galimoto yakale ya Ford, n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000, kulowa chipatala ndi chipatala, kufunsa funso limodzi: ana otupa chonchi mumawaona kuno? Nyasaland anadutsamo. Anapeza kuti matendawa amakonda malo otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja muno, koma kumapiri kozizira ndi osowa.

Agogo: Malo otsika, otentha, achinyezi. Ameneyo ndi udzudzu. Anawononga petulo mzunguyo, akanangofika pano n'kugona usiku umodzi wopanda neti.

Mdzukulu: Mwalasa, koma theka. Mapu ake anafananadi ndi mapu a malungo. Kenako mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachirombo m'zotupa zimenezi. Kachiromboko pafupifupi tonse tili nako ndipo sikativuta, koma mwa mwana amene malungo amugwetsa kambirimbiri, ziwirizi zikakumana, nthawi zina zimabala khansayi. Lero imatchedwa Burkitt lymphoma. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana kuno kwathu, imakula msanga, komanso imamva mankhwala msanga. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akufufuza kaperekedwe ka mankhwala kogwirizana ndi ana athu, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira.

Agogo: Ndiye nkhalamba zija zinavutikira udzudzu.

Mdzukulu: Ee. Ndipo mukudziwa? Burkitt yemweyo anali ndi diso limodzi. Lakumanja linawonongeka ndi mwala ali mnyamata wa zaka 11.

Agogo: Ha! Wa diso limodzi anaona zimene a maso awiri sankaona, ine wa maso awiri ndikuona mbuzi zimene kulibe. Dziko ili.

Aswa mtedza kanthawi osayankhula. Mwana wa nyumba yoyandikana nayo adutsa akuthamangitsa tayala.

Agogo: Nanga kamnyamata ako? Diso lake lina limayang'ana kunyanja, lina ku Dowa. Nakonso kamaona matayala awiri?

Mdzukulu: Ayi, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Ubongo wa mwana ndi wochenjera, ukaona zithunzi ziwiri zosagwirizana umangozimitsa chimodzi. Diso lopotokalo limasiya kugwiritsidwa ntchito, n'kukhala laulesi. Mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 osathandizidwa, kulidzutsa kumavuta kwambiri. Ena amangofunika magalasi, ena opaleshoni yosuntha minofu ija, kufupikitsa uwu, kumasula uwo. Koma nthawi zambiri amayamba ndi kumata diso labwinolo maola angapo pa tsiku.

Agogo: Kumata labwino? Madokotala inu mumamwa chiyani?

Mdzukulu: Taganizani za ngolo yanu ija.

Agogo: Hmm. Ng'ombe yamphamvu uimangirire pa mtengo, yaulesiyo ikoke yokha mpaka iphunzire. Iyayi, pamenepo ndavomera. Koma amake amati ndi chibadwa, akuti agogo ake analinso choncho.

Mdzukulu: Mwina, koma akamuonetse. Ndipo muwauze kuti akadzaona kadontho koyera pakati pa diso la mwana, kowala ngati diso la mphaka usiku, asagone. Ikhoza kukhala ng'ala, ikhoza kukhala khansa ya m'diso. Ayambire ku chipatala cha boma ku Salima, akawatumiza ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku Nkhoma. Inunso mawa tikuyambira ku Salima komweko. BP, shuga, ndi wa maso akuoneni.

Agogo: Ine ayi. Mwanayo apite, ine ndilibe chodandaula. Munthu wa mbuzi 8 akadzipereke yekha kuti amubwezere pa 4? A mfumu ayamba kale kundipatsa ulemu.

Mdzukulu: A mfumu akuona 4, agogo.

Agogo: Ndi nsanje.

Mdzukulu: Mungagwe pa njinga. Mukuona misewu iwiri.

Agogo: Ndimadutsa pakati.

Chakumanzere, ku njira yochokera kuchigayo, kukumveka mawu. Agogo aakazi akubwera, thumba la ufa pamutu, ndipo aona kale makoko a mtedza ali mbwee pa mkeka.

Agogo aakazi: Mtedza wambewu umenewo! Ndinanena kuti chiyani ine pochoka? Bambo inu, chaka chino mudzala makoko?

Agogo: Mayo ine. Awiri. Onse akuloza ine.

Mdzukulu: Tsekani diso limodzi.

Agogo: Ndatseka. Watsala mmodzi, koma mawu akadali a anthu awiri. Iwe, minibasi yoyamba ya ku Salima imadutsa nthawi yanji?

Mdzukulu: Cha m'ma 6 koloko.

Agogo: Udzandidzutse 5. Ndipo lichero ili tenga ndiwe, unene kuti unali kafukufuku.