Musamuseke wa ku Chongwe Akayang'ana M'mwamba

Mu Lusaka muli lamulo losalembedwa limene aliyense amalitsata: munthu wozindikira sayang'ana m'mwamba. Bambo akaima pa Cairo Road n'kuyamba kuwerenga nsanjika 23 za Findeco House, asanafike pa yachisanu kaponya wafuula kale kuti, "Amdala, mwabwera ndi basi ya m'mawa?" Mzungu akaima pomwepo, kabudula m'chiuno, botolo la madzi m'manja, khosi litapindikira kumwamba, anthu omwewo amamupatsa njira, ena n'kudzipereka kumujambula. Khosi lapindika mofanana, koma uyu akutchedwa mlendo wodzaona malo, uyo wakumudzi. Ine ndikuti munthu wa ku Chongwe, amene amakwera minibasi pa Great East Road mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kudzagulitsa tomato ku Soweto Market, ndiye mlendo weniweni wa mzindawu, ndipo akuyenera ulemu.

Umboni wake suvuta. Mufunseni mwana wobadwira m'tauni kumene kuli Chilenje House 394, nyumba imene Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, akufunsani ngati kumeneko amagulitsa pitsa. Chipilala cha Freedom Statue, chimene chinaimikidwa mu 1974, amachidziwa chifukwa chinajambulidwa pa ndalama za kwacha kwa zaka zambiri. Ku Lusaka National Museum, pafupi pomwepo, anapitako kamodzi ali pasukulu, aphunzitsi atamuopseza. Kwa iye kuona malo ndiko kuitanitsa takisi ya Yango, kutsikira ku Manda Hill kapena East Park, kujambulitsa atatsamira galimoto ya munthu wina, n'kuika chithunzicho pa Facebook. Kuyenda wapansi ndi manyazi, poti akakuona mnzako wa kutchalitchi, madzulo ake mbiri yawanda kuti ntchito yakuthera. Kuyenda kololedwa n'kwa m'bandakucha, utavala zothamangira zodula, komanso utafika pamalo oyenderapo pa galimoto. Wa ku Chongwe sadziwa zonsezi. Akagulitsa katundu wake amadutsa Freedom Way, Cha Cha Cha Road ndi Cairo Road, akuima, akufunsa, akudabwa, ndipo pobwerera amakafotokozera mudzi wonse zimene waona.

Ena ati kuyang'ana m'mwamba n'kuitana akawalala. Zoona, m'tauni muli a manja aatali, koma iwo amafuna foni, ndipo woyenda atawerama, foni ili pamphuno, ndi wa m'tauni yemweyo. Ndalama za mayi wa ku Chongwe zili pamfundo ya chitenje, mfundo imene ngakhale mwini wake amaimasula ndi mano. Enanso ati mlendo weniweni ndi wobweretsa madola. Tiwerenge bwino. Wa madolayo amatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma la Chongwe momwemo ngakhale iye sadziwa, n'kulowa m'galimoto yotseka magalasi, mawa lake ali ku Livingstone kapena ku South Luangwa. Wa tomato uja amagula chimanga chootcha, zitumbuwa ziwiri, chaja ya foni imene imafa basi isanadutse Munali, amalipira chimbudzi, n'kupatsanso kangachepe mnyamata wa wilibala. Ndalama yake imatsala mumsewu, m'manja mwa anthu omwe amamuseka aja.

Chotsutsa cholimba n'chakuti mzindawu suyendeka. Njira ya oyenda pansi inatengedwa ndi wogulitsa salaula, pamene iye walekeza payimikidwa galimoto, pamene galimoto yalekeza pali ngalande yosavindikira. Sindikana. Koma amene anakonza Lusaka kukhala likulu mu 1935, m'malo mwa Livingstone, sanasiye nyumba zambiri zoti munthu n'kugwira pakamwa. Chokoma cha mzindawu ndi chipwirikiti chomwecho: mlaliki wa chimkuzamawu moyandikana ndi wogulitsa mankhwala a makoswe, kondakitala amene walumbira kwa ola lathunthu kuti watsala munthu mmodzi kuti basi inyamuke. Zimenezi sizioneka pawindo la galimoto, zimafuna mapazi ndi munthu wosachita manyazi kuima.

Ndipo a m'tauni asaiwale kuti nawonso amakhala alendo. Ukafika mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu kupempha mvula, amakhamukira ku Chongwe ndi nsapato zosongoka. Amatong'ola maso pa ovina, amathawa mbuzi, amakweza foni kumwamba kusaka netiweki. Palibe amawafunsa basi imene abwera nayo. Amapatsidwa mpando ndi chikho cha munkoyo, n'kuuzidwa kuti, "Takulandirani, khalani apa muone bwino." Ngongole ya ulemu imeneyi Lusaka sanabweze, ndipo a ku Chongwe akuiwerengera chaka ndi chaka.