Pusi Wamakono Amayenda ndi Kope

Akale adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kusukulu adatiuza kuti mwambiwu ukudzudzula dyera, ife n'kuvomera. Koma ine ndimaona kuti pusiyo adangobadwa msanga. Akadakhala lero bwenzi akumutcha katswiri wolawa, ali ndi kope m'manja ndi tsamba lake pa Facebook.

Ku Joni ndi kumaiko a azungu anthu amalipira kuti alawe mowa. Amawaikira timatambula pamzere, iwo n'kumanunkhiza, kuyang'ana pakuwala, kenako kulemba. Olawa vinyo ndiye amachita kulavula. Yesani kulavula masese a mayi wa ku Malingunde muone ngati nkhaniyo siikafika kwa anyakwawa.

Kulawa kwenikweniko sitidaphunzire kwa munthu. Mayi akafulula, wogula amayamba walawa kaye pachipanda, osalipira. Alipo madoda amene mwayi umenewu adausandutsa ntchito. Amanyamuka m'mawa ndi njinga, ati akupita kumsika wa Mitundu, koma khomo lililonse la mowa amapatuka. Apa "wasasa pang'ono, mayi", apo "chimera chachepa", patsogolo "ndibweranso pobwerera". Dzuwa likamapendeka munthu ali dzandidzandi, njinga ikumukoka, m'thumba simudatuluke ngakhale tambala. Mumsikamo sadapondemo.

Chilimwe chathachi mwana wa mlongo wanga adabwera kuchokera ku Johannesburg ndi chidebe chapulasitiki, kapaipi, balere, yisiti wam'mapaketi ndi timaluwa towawa totchedwa hops. "Atsibweni," adatero, "mowa wa m'mafakitale watha ntchito. Tifulula wathuwathu." Ndidamuuza kuti agogo ake akhala akufulula wawowawo kuyambira Carlsberg isanatsegule fakitale ku Blantyre mu 1968, koma iye adati zimenezo n'zina. Adayamikiranso madzi akwathu kuti ndi omwe mzinda wa Lilongwe umamwa kuchokera m'madamu a Kamuzu. Madzi ofululirawo adakatunga pamjigo.

Ulendo woyamba adatsata malamulo, mowa n'kumwekako ndithu. Akadaima pomwepo! Koma foni ili ndi nthambi zambiri kuposa mkuyu. Kanema uyu wa pa YouTube akuti thiramo zipatso, winayu akuti uchi, wachitatu akuti tsabola. Balere wa ku Joni atatha adalowa m'mawere. Kenaka mudalowa malambe, bwemba, mango osapsa, mpaka kambuzi. Anthu a ku Bavaria adakhazikitsa lamulo mu 1516 loti mowa ukhale wa madzi, balere ndi hops basi. Mnyamata wathu zitatuzo adazipitirira sabata yoyamba.

Chimene makanemawo sadamuuze mokweza n'chakuti yisiti wakeyo amafuna kozizirira, pafupifupi madigiri 20. Tsono nyumba yamalata mu Okutobala! Adakulunga chidebecho ndi bulangete lonyowa, n'kumadzuka usiku kukaliwaza madzi ngati akudwazika matenda. Pothira m'mabotolo adaonjezera shuga kuti thovu lichuluke, osadikira kuti mowa umalize kuwira. Yisiti sagona. Pakati pausiku kudamveka phuu! phuu! Agalu kuuwa, anansi kutuluka ndi zibonga, mayi wina kuyamba pemphero. Kutacha tidapeza khoma lachipinda lili noninoni ndi bwemba.

Agogo ake adangoyang'ana. Iwo njira yawo ndi imodzi: kunyika chimanga kapena mawere mpaka zimere, kuyanika, kugaya chimera, kuphika phala, kusakaniza, kudikira masiku ake, kusuza. Mbiya saitseka ndi chitsekerero cholimba, n'chifukwa chake sinaphulikepo. Adangofunsa kuti, "Kodi iwe, mowawo ukufuna amwe anthu kapena khoma?"

Mabotolo opulumuka adawakonzera tsiku lolawa. Adaitana madoda a njinga aja, ena ochokera ku Nathenje komwe, poti mbiri ya chaulere siifuna wailesi. Aliyense adalandira kakapu ndi pepala loti alembepo malikisi. Mapepalawo adapichirira fodya. Mkulu wina adagugudiza kakapu kake, n'kutsinzina, n'kunena kuti, "Mwanawe, kuwawaku kulipo, koma nanga masese ake watayira kuti? Mowa wosakhutitsa tidzalima nawo bwanji?" Winanso adati wa kambuziwo ndi wabwino, bola pakadakhala nsima.

Adaunyoza wonse, adaumalizanso wonse. Atatero adakwera njinga zawo, ulendo kwa mayi wina kuseri kwa dambo amene adafulula tsiku lomwelo, kukalawa. Mnyamata adatsala ndi mabotolo opanda kanthu, ngongole ya shuga kugolosale, ndi kope lodzaza maphikidwe amene sadawayesebe. Panopa ndamva akufunsa mtengo wa masuku.

Tsono inu odutsa ku Malingunde, mnyamata wina akakupatsani botolo lopanda chizindikiro n'kukuuzani kuti ndi mtundu watsopano, landirani ndi manja awiri. Potsegula mulozetse kutchire.