Taipi ya ku Chicago Yongolemba Mafulusitopu

Lero tatsikira ku America, dziko limene bambo amatsanzika kuti akukagula buledi n'kubwera atanyamula mfuti. Kumeneko kuli anthu openga ndi Thompson, mfuti ija ya zigawenga za m'mafilimu, yokhala ndi chimbale chozungulira kumimba kwake. Yeniyeni, yolavula zipolopolo ngati matalala, mtengo wake ndi wa galimoto yatsopano, ndiye ambiri amangogula fotokope yake: nkhope yomweyo, koma kudina kamodzi, chipolopolo chimodzi. Mkulu wina ku Texas anauzidwa zimenezi m'sitolo, navomera. Atamufunsa chiphaso, anatulutsa kapepala kopindapinda. "Bwana, tikufuna chenicheni." Iye osatekeseka: "Mfuti ya fotokope, chiphaso cha fotokope. Mukabweretsa yeniyeni, nane ndibweretsa chenicheni."

M'masitolo amenewa muli fomu ya boma, nambala 4473, yomwe wogula mfuti amalemba. Funso lina pafomupo limati kodi ndinu munthu wothawa lamulo. Bambo wina atafika pamenepo cholembera chinaima. Anasuzumira kukhomo, nayang'ana foni yomwe inali kulira kachisanu, kenako ananong'oneza wogulitsa: "Achimwene, lamulo lake liti? La boma kapena la kunyumba?"

Mnyamata wina anakulira pa mafilimu a Al Capone. Tsiku loyamba kumalo oyeserera kuwombera anapendeketsa chipewa, natangadza miyendo, nakanikiza chala osachotsa, mano ali gwa kudikira tatatata. Mfuti inangoti pho! Kenako zii. Anadikira. Anadikirabe. Woyang'anira malowo anamukodola: "Chotsani chala, mudinenso." Mnyamata anapukusa mutu: "Ayi bwana, musaisokoneze. Wachibwibwi sitimudula mawu, amamaliza yekha."

Mnzake anabwerera kusitolo nkhope ili tsinya, akufuna yolankhula mosapumira. Wogulitsa anamuuza kuti kuyambira mu May 1986 lamulo silimalola anthu wamba kugula zatsopano za mtundu umenewo, zololedwa ndi zokhazo zomwe zinalembetsedwa kuboma nthawiyo isanafike. Munthu uja nkhope inawala: "Ndiye tamvana. Ine ndinabadwa mu 1979, ndipo mayi anga anandilembetsa sabata yomweyo."

Wina anapeza nzeru yosadya thumba. Amapita kowombera ndi mlamu wake wosagwira ntchito, amene udindo wake ndi kuima kumbuyo n'kumati "tatatatata" ndi pakamwa. Tsiku lina zipolopolo zinatha, mlamu osadziwa, anapitiriza mpaka malovu kuuma. Mwini mfuti anangolozabe, mapewa akunjenjemera ndi chimwemwe, mphindi ziwiri zathunthu. Potsitsa anaisisita: "Alamu, lero ndiye yagwira bwino. Onani, sinatenthe n'komwe."

Chifukwa cha kalilidwe kake, anthu ankaitcha Thompson kuti taipi ya ku Chicago. Agogo ena aakazi, omwe anagwira ntchito ya usekilitale zaka 30, anamva mdzukulu wawo akudzitama kuti wagula taipi imeneyi, ndipo anati akaone kalembedwe kake. Mdzukulu pho! Kupuma. Pho! Kupuma. Pho! Anabweretsa pepala lili ndi timabowo titatu. Agogo anavala magalasi, naliyang'ana kumwamba ndi kunsi. "Mwanawe, ndi liwiro limeneli ntchito sungaipeze. Komanso ukungolemba mafulusitopu okhaokha."

Kampani ya Auto-Ordnance, yomwe imapanga mafotokope amenewa, imagulitsanso bokosi lake looneka ngati la vayolini, kuti nthano ya zigawenga ikwanire. Bambo wina ankatuluka nalo m'nyumba Loweruka lililonse. Woyandikana naye anayamba kuonda ndi nkhawa, osagona, mpaka tsiku lina analimba mtima: "Anzathu, ndikhululukireni, muli chiyani m'bokosimo?" Atatsegula, mfuti mbee. Neba anagwira pamtima n'kupuma mozama: "Ambuye alemekezeke! Ndimayesa mwayamba kuphunzira vayolini."

Abusa nawo analiona bokosilo. "Mkristu, luso silibisidwa. Lachitatu kuli maliro, mudzabwere nacho chida chanucho." Bambo uja anakanda kumutu: "Abusa, ichi ntchito yake imathera dzulo lake la maliro."

Mdala wina anapeza m'sutikesi ya malemu atate ake pepala lotsatsa malonda la m'ma 1920. Pamenepo Thompson yatsopano, mwa zija 15,000 zomwe kampani ya Colt inapanga mu 1921 ndi 1922, inali pa madola 200, nthawi imene Ford yatsopano inali pafupifupi 400. Anavala jekete, napita kusitolo, naika madola 200 patebulo pamodzi ndi pepalalo. Wogulitsa anaseka mpaka misozi, n'kumuuza kuti ndalama imeneyo lero ingogula zipolopolo. Mdala anabweza ndalama m'thumba mwaulemu: "Zaumbava basi. Ndiuzeni kogulitsira Ford, ndikaonjezere 200 inayo."

Capone, ndi mbiri yake yonse ya zipolopolo mu Chicago, chomwe chinamugwetsa mu 1931 ndi kuzemba msonkho: zaka 11 kundende. Kalaliki wina anawerenga zimenezi usiku womwe anagula fotokope yake. Kutacha anali woyamba pamzere kuofesi ya misonkho, maso ali psuu, manja akunjenjemera ndi malisiti a zaka zisanu. "Bambo, palibe amene wakuitanani." Iye: "Ndikudziwa. Koma ndagula mfuti inayake, ndipo ndaona komwe imathera."

Amene anayambitsa mfutiyi, msilikali wamkulu John T. Thompson, ankaifuna kuti ikhale tsache losesera adani m'maenje a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mwamuna wina anaganiza zogwiritsa ntchito mbiri imeneyi pofewetsa mtima wa mkazi wake. "Amayi, musakwiye, kwenikweni ndagula tsache." Mkazi anayang'ana lisiti, madola oposa 1,000. Sananene kanthu. Anatenga tsache lakale la kuseri kwa chitseko n'kukaliponya m'bini. "Zikomo abambo. Yambani kukhitchini, mumalizire pakhonde."

Tsache limeneli kunkhondoko silinafike. Pamene zoyeserera zoyamba zimakonzeka, nkhondo inatha mu November 1918. Ndiye bambo wina anafika pa nkhomaliro ya apongozi ake mochedwa ndi maola atatu, bokosi lili m'manja, mbale zitatsukidwa kale. Apongozi anangomuyang'ana. Iye analoza bokosi: "Amayi, si ine. Ndi chibadwa cha iyi. Inachedwa ndi kunkhondo komwe anaipangira."

Yeniyeni mpope wake ndi wa mainchesi 10 ndi theka. Fotokope anaitalikitsa kufika 16 ndi theka, poti lamulo la kumeneko limafuna mainchesi osachepera 16 pa mfuti yotsamiritsa paphewa. Mdzukulu anaitengera kwa agogo ake a zaka 99, omwe anainyamulapo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Agogo anaiyika pamiyendo, naipapasa kuyambira kuthako mpaka kukamwa, misozi ili lengelenge. "Ha, nthawi imathamanga! Ndinaisiya mu 1945 ili kamwana. Taonani mphuno mmene yakulira."

Kulemera ndiye musanene, pafupifupi makilogalamu 6 isanadye chipolopolo ndi chimodzi chomwe. Mbava ina inalowa m'nyumba eni ake atapita kutchuthi. Inatenga TV, inatenga kompyuta, mpaka ketulo. Eni nyumba pobwera anapeza Thompson ili pakati pa masitepe, pambali pake kapepala: "Ndayesetsa. Mankhwala a msana ndatenga m'kabati ya kubafa."

Kuitchera nako ndi nkhondo ina, sipuling'i yake ndi youma ngati mtima wa wokongoza ndalama. Bambo wina anafuna kuonetsa anzake akuntchito. Anakoka ndi dzanja limodzi, osatheka. Awiri, mitsempha tolotolo pakhosi, osatheka. Mkazi wake anatulukira kukhitchini akupukuta m'manja, naikoka khwa! ngati akutsegula botolo la jamu, n'kubwerera kumphika. Anzake anayang'anizana. Mmodzi anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye pakhomo pano wakuba akabwera usiku, inu ntchito yanu ndi iti?" "Kudzutsa mayi."

Chimbale chozungulira chija chimalowa zipolopolo 50, ndipo ukamaliza kuika umapotokola kakiyi kapamwamba, kete kete kete, ngati wotchi yakale. Azakhali ena obwera kudzacheza anachipeza chopanda kanthu patebulo. Anachipotokola bwinobwino n'kuchiika kumutu kwa bedi. Mmawa anadzuka dzuwa lili pamutu, basi itawasiya kalekale. "Mwana wa mchimwene wanga, anakubera. Wotchi ilibe mivi, ilibe manambala, kulira osalira." "Azakhali, yamikani kuti sinalire."

Mwamuna wina, pofuna choikamo zipolopolo, anatuma mkazi wake popita m'tauni: "Mundigulireko magazini ya 30." Madzulo mkazi anafika ndi magazini yonyezimira, pachikuto pali mayi atavala diresi laukwati. "Ya masamba 30 inatha, iyi ndi ya 120. Muwombere pang'onopang'ono, pa tsamba 40 pali makatani omwe ndikufuna."

Chipolopolo cha .45 chikaphulika, chigoba chake chimadumphira kumbali chili moto. China chinalowa m'kolala ya bambo wina wovala suti yamizeremizere ya m'ma 1920, n'kutsetsereka mpaka kumsana. Anaika mfuti pansi, nayamba: mawondo kugundana, zidendene kuponyera uku ndi uku, manja m'mwamba. Mayi wina wachikulire amene amaonerera anaomba m'manja: "Koma awa ndiye odziwa mbiri! Mfuti ya 1927, suti ya 1927, ndi gule wa Charleston yemwe!"

Pali chithunzi chotchuka cha mu July 1940: Winston Churchill, suti yamizere, ndudu yaikulu pakamwa, Thompson m'manja. Ajeremani anachikonda mpaka kuchisindikiza pa timapepala tomunena kuti ndi chigawenga. Bambo wina anabwereka suti, nagula ndudu, najambulitsa chake, n'kupachika ziwirizo moyandikana pabalaza. "Mayi, mukuona kusiyana?" Mkazi anayang'ana ichi, nayang'ana icho. "Mimba mwaipeza. Ndudu mwaipeza. Kwatsala nkhondo yoti mupambane. Yambani ndi ya makoswe kugalaja."

Wapositi anapeza mwini nyumba akupukuta Thompson yake pakhonde. Mwini nyumba, pofuna kuonetsa kuti amawerenga, anati: "Mukudziwa kuti m'ma 1920 a positi anagula mfuti zimenezi potetezera makalata kwa achifwamba?" Wapositi anayang'ana mfuti, nayang'ana buluku lake long'ambika pakatumba, nayang'ananso galu amene amanyambita milomo paudzu. "Chonde bwana, bwerezani mokweza. Amve uyo."

Pampikisano wina, munthu anawombera 50 zonse za m'chimbale, chala mpaka kutupa. Pepala lake litabwera linali loyera ngati nsalu ya paguwa. Akadali kudabwa, anamva phokoso pambali: oweruza akukangana ndi mayi amene anapatsidwa zipolopolo 10 koma pepala lake lili ndi mabowo 43. Munthu uja anawerenga ndi zala, nkhope n'kugwa: "Ndiye kuti 17 ndaphonya."

Kowombera amapereka zotsekera m'makutu. Bambo wina anazolowera kufika nazo kunyumba zili kumutu, n'kumadya nazo nsima, kuonera nazo TV. Mkazi anadandaula kwa dokotala kuti mfuti yamugonthetsa mwamuna wake. Dokotala anamuyeza, makutu ali bwinobwino. "Bambo, mumawombera kangati pamwezi?" "Kamodzi." "Nanga izi mumavaliranji tsiku ndi tsiku?" Bambo anasuzumira kwa mkazi wake n'kuzibwezera kumutu.

Pa 14 February 1929 amuna 7 anaphedwa m'galaja ina ku Chicago, ndipo mfuti ziwiri za Thompson zinali pantchito. Ndiye mwamuna wina wokonda mbiri, ofuna maluwa ali pamzere, iye anagulira mkazi wake mphatso ya Valentine yoti iyeyo azibwereka. "Wokondedwa, palibe mphatso yogwirizana ndi tsikuli kuposa iyi." N'kumufotokozera nkhani yonse. Mkazi anamvetsera mpaka kumapeto, akumwetulira. "Zoona abambo? M'galaja? Tiyeni mukandionetse pomwe anaima." Mwamuna anabwera ndi maluwa pasanathe mphindi 20.

Ndipo kumapeto kwa mwezi mkulu wathu wa ku Texas uja anaima pagalasi, chipewa chopendekeka, bokosi la vayolini kukhwapa. "Mayi, nenani zoona, simukuona Capone apa?" Mkazi anali patebulo ndi kalata ya kubanki. "Ndikuona. Mfuti fotokope, vayolini fotokope, Capone fotokope." Anatembenuza kalata ija kuti aione bwino. "Koma ngongole iyi, abambo, ndi orijino."