Ndalowa m'kabuku ka mwana wanga

Mwana wanga wachisamba atalandira Ulimbitso ndinayamba kuda nkhawa, poti njira yake ndimaidziwa. Ana athu amayambira ku Tilitonse, n'kulandira Ukaristia woyamba, ena n'kumatumikira pa guwa, koma Ambuye Episkopi akangowadzoza mafuta pamphumi, basi sukulu yatsekera. Inenso ndinatero. Nditalimbitsidwa ndinasowa, ndipo tchalitchi ndinadzachikumbukira nthawi yodalitsa ukwati. Choncho atalengeza kuti achinyamata azikumana Lamulungu masana kuparishi, mnyamatayo ndinamukankhira komweko asanameze n'komwe nsima.

Musaganize kuti ndinkafuna woyera m'nyumba mwanga. Ndinkafuna wondisungira mwana kwaulere kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, kuti asakazolowere kubetcha mpira ndi kuima pa shopu. Ndinamutenga ngati wailesi yokokoma imene umakasiya kwa okonza n'kukaitenga ikulira bwino: azidzayankha kuti "wawa", azisiya foni ndikamayankhula, azisita malaya anga osauzidwa.

Miyezi yoyamba kunali kwaya, mpira ndi kupempha ndalama za ulendo. Ndinakadandaula kwa bambo mfumu kuti anawa akungosewera. Iwo anandikumbutsa kuti Don Bosco, poyamba ntchito yake ku Turin mu 1841, anyamata ongoyendayenda mumzinda anawakoka ndi masewera omwewo, kenako katekisimu ndi ntchito zamanja, ndipo a chipani chake akuphunzitsabe achinyamata maluso ku Area 23 ku Lilongwe. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinkawerengera za thiransipoti.

Kenako kunabwera kakabuku. Gulu lawo linayamba kutsata njira ya Joseph Cardijn, wansembe wa ku Belgium amene anayambitsa YCW, bungwe la achinyamata ogwira ntchito limene Papa Pius XI analivomereza mu 1925. Cardijn anaona anzake a ubwana akulowa m'mafakitale ali ana n'kutulukamo atadana ndi Mpingo, ndipo anati amene angawafikire si wansembe wa pa guwa ayi, koma wachinyamata mnzawo wogwira naye ntchito. Njira yake ndi yaifupi: ona zimene zikuchitika pamene ukukhala, uziweruze ndi Uthenga Wabwino, uchitepo kanthu. Mwana wanga atandifotokozera ndinayamikira kwambiri, ndinamupatsanso cholembera changa chabwino. Ndinkaganiza kuti akukaona ana a m'misewu ya m'tauni, kapena anyamata a kabaza.

Lamulungu lina titabwera ku Misa yachiwiri tinapeza zonse zili patebulo monga mwa nthawi zonse: nsima yotentha, nkhuku ya lokolo, chisoso chotendera. Anaphika ndi mtsikana amene tinamutenga kumudzi kuti azitithandiza, amene pagulu timamutchula kuti "mwana wathu". Ndi wobatizidwa, kolona imakhala m'khosi mwake ngakhale akukolopa. Mnyamata uja anadikira kuti ndisambe m'manja.

"Adadi, kodi achemwaliwa amapita Misa iti?"

Ndinayankha ntchafu ya nkhuku ili m'kamwa: "Akapita iyeyo, ndiye aphike ndani?"

Sanatsutse. Anangotulutsa kakabuku kaja n'kulemba, ndi cholembera changa chomwe. Anafunsanso kuti sukulu analekezera kalasi yanji, amalandira zingati, ndipo ndalamazo amalandira yekha kapena zimapita kwa azakhali ake. Mafunso awiri oyambawo anayankha ndi mayi a kunyumba, ine sindinkadziwa. Ndinayesa kunena za fizi, mlongo wake wamng'ono n'kundikumbutsa kuti pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, anaphunzira m'kalasi. Mayi aja ananyamuka kukatenga madzi pamene jagi inali yodzaza; ndinawamva akuseka kukhitchini.

Chinandiwawa si manyazi okha. Ine ndine mmodzi wa abambo amene pa misonkhano ya mphakati timakonda kunena kuti achinyamata ndi atsogoleri a mawa. Mawuwa ndi okoma chifukwa mawalo silifika, ndipo podikira anawo azisesa tchalitchi, azinyamula mabenchi, aziimba ng'oma, ife tili pa mipando ya komiti. Koma Papa Francis, m'kalata yake ya Christus Vivit ya mu 2019, imene inatuluka utatha msonkhano wa maepiskopi wokamba za achinyamata wa mu 2018, anakana zowasungira mawa: anati iwo ndi a lero lomwe. Ndipo tikamapempherera ana athu kwa Kizito woyera, timaiwala kuti mnyamatayo anaphedwa ku Namugongo mu 1886 chifukwa chosagonjera mfumu, osati chifukwa choyankha "wawa" mwaulemu.

Ndinabwereranso kwa bambo mfumu, ulendo uno kukanena kuti gululi likuphunzitsa ana mwano. Anandifunsa ngati mwanayo anandinyoza. Ndinati ayi. Ngati ananama. Ndinati ayi. Anandithira tiyi n'kundifunsa ngati ndingakhale mlangizi wa achinyamata chaka chamawa, poti ndikuoneka kuti nkhani zawo ndimazitsatira. Ndinati ndikapemphera kaye, ndipo mpaka pano ndikupempherabe.

Gawo lachitatu la njira ija, lochitapo kanthu, anagawa okha ntchito osandifunsa. Mtsikana uja tsopano amapita nafe ku Misa, ndipo anabwerera kusukulu. Yunifolomu ndinagula ine, malipiro ndinakweza ine, koma kuparishi akutamandidwa ndi achinyamata. Lamulungu amaphika ndi mnyamatayo ndi mlongo wake, ine gawo langa ndi kukoleza mbaula ndi kutsuka mapoto. Nsima yawo imatuluka yosapsa bwino, koma sindingadandaule, kabuku kamakhala pafupi. Foni sanasiye, malaya anga ndikusitabe ndekha.

Mwezi uno ndamva kuti akufufuza za mowa m'mabanja. Mabotolo ndawasamutsira kwa alamu anga, iwo ana awo akadali ku Tilitonse.