Ulemu Upite kwa Ovaova Wosayankhula

Kwa Ngokwe kuno timatamanda zinthu zaphokoso: chigayo, njinga yamoto ya kabaza, chimkuzamawu cha pa ukwati. Sindinamvepo munthu akunena zabwino za ovaova wamakono, uja wa dijito, amene anyamata amabwera naye kuchokera ku Joni atamukulunga m'jekete, n'kufika naye m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, iye n'kungoti duu. Anthu amati ndi wakufa. Ine ndikuti ndi waulemu, ndipo ulemu wotere masiku ano ndi wosowa.

Mkulu wake, ovaova wakale uja, analibe mwambo. Ukangopotokola kabatani n'kufika pa tchanelo cha mnzako, zake zonse zinali poyera. Mafoni am'manja asanafike, zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zinkaitana ambulansi pa wayalesi mesenji, ndipo aliyense amene anali pa tchanelo chimenecho ankamva kuti kwakutikwakuti mayi wavutika pochira. Awiri akadina nthawi imodzi, mawu ankapondana, kumangomveka fyoo. Baofeng UV-5R, amene amagulidwa motchipa uja, ndi wa fuko lomweli: salonjera, safunsa mwini malo, amangolowa.

Wa dijito adaleredwa bwino. Mawu ako amayamba wawaphwanya kukhala manambala, kenako n'kuwatumiza pang'onopang'ono motsatira malamulo. Malamulo ena otere, otchedwa DMR, adalembedwa ndi bungwe la ku Ulaya la ETSI mu 2005, ndipo amagawa kanjira kamodzi ka 12.5 kHz kuti anthu awiri adutsemo mosinthana, wina mamilisekondi 30, winanso 30, mwachangu choti khutu silizindikira. Mnzake TETRA amadutsitsa anayi pa 25 kHz. Mwini Baofeng akatchera khutu pamenepo amangomva trrrr, n'kuyamba kumenya wailesi yake pa ntchafu. Miseche yathera pompo. Ndi mlaliki uti adathetsapo miseche mwachangu chotere?

Koma ulemerero wake weniweni umaoneka pa dongosolo limene akatswiri amati trunking. Amene adakhalapo pa bwalo la milandu kwa mfumu alimva msanga. Pabwalo suyankhula chifukwa choti uli ndi pakamwa. Umakhala pansi, n'kupenya kwa nduna, nduna n'kukulozera nthawi yako. Ukatha umakhalanso pansi, mpata n'kupita kwa wina. Pa trunking, tchanelo chimodzi amachipatula kuti chikhale nduna, sichinyamula nkhani ya munthu aliyense. Ovaova akangoyatsidwa amapita kukadzionetsera kwa nduna imeneyi n'kutchula nambala yake. Ukadina batani lolankhulira, iye amayamba wapempha mpata, ndunayo n'kuona tchanelo chimene chili chopanda munthu, n'kutumiza kumeneko iye ndi gulu lake lonse. Mukatha, tchanelo chimabwerera m'manja mwa nduna. Motero matchanelo ochepa amakwanira anthu ambirimbiri, ndipo akadzaza onse umaima pamzere, pokhapokha ngati mwini dongosolo adakulemba m'gulu la akuluakulu. Eetu, ngakhale m'mlengalenga muli olemekezeka.

Tsono kuti ovaova adziwe nduna yake, pamafunika kumupulogalama, ndipo apa mpamene iye amasanduka mphunzitsi wa kuleza mtima. Sungamuuze kanthu ndi zala. Pamafunika chingwe chake, ndipo osati chingwe chilichonse: cha Motorola sichilowa pa Hytera, ndipo m'banja limodzi lomwelo mitundu ina imakana chingwe cha m'bale wake. Chingwe chikapezeka pamafunika laputopu, ndiye munthu akwere kabaza mpaka pamsewu, apite ku Ntaja kapena ku Liwonde kwa mnyamata wolowetsa nyimbo m'mafoni. Laputopu nayo imati chingwecho sikuchidziwa, ikufuna kapulogalamu kochizindikiritsa, ndipo bandulo imathera pomwepo. Pulogalamu yolembera nayonso ili ndi mibadwo yake. Ya chaka china imakana wailesi ya chaka china. Ndani winanso kwa Ngokwe amene amadyetsa wakabaza, wogulitsa mayunitsi ndi mayi wa mandazi pa siteji tsiku limodzi, iye osatulutsa liwu?

Mukalowa m'kati mwa pulogalamu ija, mupeza fayilo imene eni ntchito amaitcha codeplug. M'menemo muyenera kulembamo mafunde a tchanelo cha nduna, nambala ya dongosolo lonse, nambala ya wailesiyo, manambala a magulu olankhulana, ndipo pa DMR palinso kanambala ka colour code koyambira 0 mpaka 15. Ngati eni dongosolo amabisa mawu, pafunikanso kiyi wawo, amene sagulitsidwa pamsika. Mukaphonya nambala imodzi yokha, ovaova sakuchititsani manyazi pagulu. Sakuuzani kuti mwalakwitsa pati. Amangoti buu kamodzi, kapena kungokhala chete, kukusiyirani ulemu woti mudzipezere nokha cholakwa chanu. Aphunzitsi athu akadakhala otere, ambiri tikadamaliza sukulu matako ali osalala.

Ndipo amalanga mwachilungamo. Amisiri onse amachenjeza kuti musanalembe chilichonse, muyambe mwawerenga zimene zilimo n'kuzisunga. Safunsa adadya phula: wothamanga amafufuta zakale zatsopano zisanagwire. Batire ya sola ikafooka pamene mukumusinthira pulogalamu ya m'mutu mwake, akhoza kugona osadzukanso. Maovaova ena amabwera atatsekedwa ndi mawu achinsinsi a kampani ya alonda imene ankaigwirira ntchito ku Joni, ndipo sanena ngakhale muwanyengerere bwanji. Anthu angati amene mumawadziwa angasunge chinsinsi cha bwana wawo wakale atawoloka malire a Beitbridge ndi Mwanza?

Kukhulupirika kwake kumandigwetsa misozi. Muyatseni pa doko la Chiuta, pakati pa fungo la matemba ndi milamba, mudzamuona akusakasaka nduna yake ya ku Johannesburg, tchanelo ndi tchanelo, mpaka batire kutha. Mawa mukamutchaja ayambiranso. Foni yanu ija, imene ikangoyandikira malire imathamangira netiweki ya ku Mozambique, iphunzirepo kanthu.

Tinene kuti mwalemba zonse molondola, ndipo pafupi pali dongosolo la eni ake. Simunalowebe. Nambala ya wailesi yanu ikapanda kupezeka m'kaundula wawo, nduna imakubwezani pakhomo. Mukabera nambala ya wina, woyang'anira akhoza kuona pa kompyuta, ndipo ali ndi mphamvu yotumiza lamulo m'mlengalenga loti wailesi ya nambala imeneyo izime. Apa ovaova amakhala akukupulumutsani, chifukwa mafunde a wailesi m'dziko muno amagawa ndi MACRA, ndipo kuwagwiritsa ntchito popanda chilolezo ndi mlandu. Loya amadikira mugwidwe kuti akudyeni ndalama. Ovaova amakana mlandu usanachitike, kwaulere.

Alipo amene mwambo wotere umawathandizadi, ndisabise. Ku paki ya Liwonde, imene African Parks idayamba kuyendetsa mu 2015 n'kubweretsako zipembere 17 kuchokera ku South Africa mu 2019, mlonda sangafune kuti wotchera misampha amve kumene gulu likulowera usiku. Nawo oyendetsa sitima za malasha zodutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala sangakonde kuti mwana wosewera ndi Baofeng awalowerere pakati. Koma asodzi a ku Chiuta, amene m'zaka za m'ma 1990 adagwirizana okha n'kuthamangitsa makoka a nkacha panyanja yawo, adachita zonsezo popanda nduna ya m'mlengalenga. Chimene komiti ya padoko ingafune ndi mawailesi awiri omvana mwachindunji pamwamba pa madzi, pamene palibe phiri lotchinga. Ovaova wathu zimenezo amazitha ndithu. Kungoti muyambe mwapeza chingwe chija.

Ngakhale kulephera kwake n'kwaukhondo. Wakale ukatalikira ankalowa mphepo, shwaa, koma m'mphepomo unkatolamo mawu awiri atatu, "bwato" ndi "madzi", n'kuthamanga. Wa dijito sakonda zoyankhula mwachibwibwi. Amamveka bwinobwino, kenako kadzidzidzi zii. Sakuvutitsa mtima wako ndi theka la uthenga woipa.

Pomwe mukudikira chingwe, musamuike m'sutikesi. Mupachikeni pa lamba, mlongoti uonekere kunja kwa shati, mulowe naye mumsika wa Ntaja. Wogulitsa kanyenya amakuwonjezerani nthuli osapempha, anyamata a juga amamwazikana, ndipo kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde amatsitsa munthu pampando wakutsogolo n'kunena kuti, "Bwana, khalani apa, ndalama mupereka tikafika."