Ulemu kwa mano ogona m'kapu

Tiyeni tiwombe m'manja mwaulemu, pakuti mwa ziwalo zonse za munthu, mano oikirira okha ndiwo ali ndi chipinda chawochawo. Mwini wake akamakwera pabedi, iwo amatsikira m'kapu ya madzi n'kugona momwemo akumwetulira mpaka mbandakucha. Bondo silinalandirepo ulemu wotere. Khutu limagona pomwe mutu wagona, lifune lisafune.

Ndikunena aja otseka magweru: mano awiri kapena atatu omatidwa pakapulasitiki ka mtundu wa usinini, okhala ndi timawaya tokola mano enieni omwe anapulumuka. Mano obadwa nawo tinawagwiritsa thangata. Anatsegula mabotolo a Fanta, anasenda nzimbe, anakukuta chimanga chokazinga, mswachi n'kumauona mwa apo ndi apo. Sanadandaule, anangobooka n'kuchoka. Koma olowa m'malowa anabwera ndi malamulo.

Madzi otentha sawafuna, chifukwa pulasitiki amapindika, mawa lake osalowanso m'kamwa. Kuuma nako amakana, n'chifukwa chake kapu ija. Colgate, amene tonse tinauzidwa kusukulu kuti ndi bwenzi la dzino, kwa iwo ndi mdani: amakanda pulasitiki n'kusiya timizere momwe tizilombo timabisala. Amafuna mswachi wawo wofewa ndi sopo wamba. Powasambitsa, pansi mutchingire beseni la madzi kapena thaulo, apo ayi akaterereka n'kugwera pasimenti, ndalama zanu zasweka pawiri inu mukuona. Ndi mfumu iti imasambitsidwa chonchi?

Mukawamana kapu n'kugona nawo, amalipsira. Pansi pa pulasitiki pamaswana mafangasi otchedwa Candida, m'kamwa n'kufiira psuu. Timawaya timasunga nsima ya dzulo, ndipo dzino lenileni lomwe takola limayamba kuola. Amati mlendo ndi mame, koma uyu sakamuka, ndipo mukamusasa amagwetsa mwini nyumba. Aneba anga ena, dzina ndasunga, anaviika awo mu Jik usiku ndi usiku kuti ayere mbee. Anayeradi, koma timawaya tinadyeka, ndipo tsopano akamalonjera amagwira pakamwa.

Komabe tisanyoze. George Washington polumbira kukhala pulezidenti wa America mu 1789 anali ndi dzino lake limodzi lokha, ndipo oikirira ake anali a minyanga, zitsulo ndi mano a anthu ena. Athuwa bola, sanatafunepo m'kamwa mwa munthu wina.

Chondiwawa n'chakuti ambiri a magweruwa sanayenere kukhalapo. Dzino likayamba kupweteka timapirira ndi Panado mpaka tsaya litatupa, ndipo tikafika kuchipatala chotsala ndi kuzula basi. Kuzula n'kwachangu, kuikirira ndiye kumafuna thumba lakuya ndi ulendo wa m'tauni. Dziko lino linayamba kudziphunzitsira madokotala a mano mu 2019, dzulodzuloli. Akuluakulu odula maliboni aja, amene amaonetsa mano onse 32 pa kamera, sindikhulupirira kuti anaimapo pamzere wa ozulidwa m'mawa kukuzizira.

Ukulu weniweni wa manowa umaoneka paukwati. Kachidutswa ka nsinjiro kalowa pansi pa pulasitiki, bambo ali patebulo lapamwamba moyang'anizana ndi asewere awo. Lilime liyamba kufufuza, tsaya likugwedera, maso ali tong'o, anthu n'kumati mkuluyu ulangizi wa ankhoswe wamukhudza. Nyama ikafika agonja: atsokomola monamizira, awavula mobisa, awakulunga m'tishu n'kuika pambali pa mbale. Kenako aitanidwa ku perekaniperekani. Pobwera apeza tebulo lapukutidwa, ndipo madzulo ake mkulu wa mpingo wathunthu ali kudzala ndi tochi ya pafoni, akuvundukula mafupa a nkhuku.

Atsikana ochotsa mbale pamaukwati, chonde, tishu yolemera muziyamba mwaitsegula musanataye.